Nthaka ya Antigo ku Wisconsin: mafunso ndi mayankho pa nthaka yomwe madzi oundana anasiya

Kumpoto kwa chigawo cha Wisconsin, m'dziko la America, kuli chidikha chotambalala chomwe eni ake amachitcha Antigo Flats. Nthaka ya kumeneko inatchuka ndi mbewu ya mbatatesi, zitheba ndi ng'ombe zamkaka. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza kumene nthakayi inachokera, momwe imaonekera mukaikumba, ntchito zomwe imavomera ndi zomwe imakana.

Kodi nthaka ya Antigo ndi yotani?

Ndi nthaka ya magawo awiri osanjikizana. Pamwamba pali dothi lofewa ndi losalala, lomwe akatswiri amalitcha silt loam, lokuya masentimita 50 mpaka 100. Pansi pake pali mchenga ndi nsangalabwi zoyalana mizeremizere mpaka kuya kwambiri. Gawo lapamwamba limasunga chinyezi ndi chakudya cha mbewu, pomwe lapansi limalola madzi otsala kudutsa msangamsanga. Ubwino wonse wa nthakayi, ndi kuopsa kwake komwe, zimachokera pa kusanjikizana kumeneku.

Dzina lake anatengera mzinda wa Antigo, likulu la boma la Langlade, kumene inalembedwa m'kaundula wa mitundu ya nthaka mu 1947. Imapezeka pa malo okwana maekala pafupifupi 300,000 ku Wisconsin, ndipo ina ili ku Minnesota.

Nanga madzi oundana anaipanga bwanji?

Zaka zoposa 20,000 zapitazo, chimulu chachikulu cha madzi oundana chotchedwa Laurentide chinaphimba mbali yaikulu ya Canada n'kutsetserekera kumwera mpaka kulowa m'dera lomwe lero ndi Wisconsin. Chinkayenda pang'onopang'ono, chikupera matanthwe ndi kukokolola chilichonse chomwe chapeza panjira. Pomwe chinaima, chinasiya mizere ya zitunda za miyala ndi dothi. Zitunda zoterezi zinazinga chidikha cha Antigo kumpoto ndi kum'mawa, pakuti mphanda ziwiri za chimuluchi, ya Langlade ndi ya Green Bay, zinathera cha pomwepo.

Kunja kutayamba kufunda, madzi osungunuka anatuluka m'munsi mwa chimulu ali mitsinje yambirimbiri yolukanalukana, itasenza mchenga ndi miyala. Madzi othamanga amasankha katundu. Chimwala amachisiya pafupi, nsangalabwi ndi mchenga amakazitula patsogolo, matope amapita nawo kutali. N'chifukwa chake gawo lapansi la nthaka ya Antigo ndi lotsukika, lopanda dongo lenileni, ndipo miyala yake ndi yobulungira chifukwa chogubuduzika m'madzi.

Madzi aja atachepa mphamvu, dothi losalala linadzakhala pamwamba pa mchengawo. Lina linabwera ndi madzi oyenda mwakachetechete, lina ndi mphepo yomwe inkaulutsa fumbi m'zigwa zouma zopanda udzu. Pofika zaka pafupifupi 11,000 zapitazo madzi oundana anali atachoka ku Wisconsin. Nkhalango inamera, ndipo masamba, mizu, mvula ndi chisanu zinayamba kusandutsa fumbi lija kukhala nthaka yamoyo.

Musaganize kuti nthaka iliyonse yosiyidwa ndi madzi oundana ili chonchi. Pomwe chimulu chinatula chokha katundu wake popanda madzi omusankha, dongo, mchenga ndi zimiyala zinasakanikirana, kenako kulemera kwa chimulucho kunazitsendereza. Nthaka ya Paxton ya ku Massachusetts ili ndi chikhakha cholimba chotere pansi pake, moti nthawi ya mvula madzi amaima pamwamba pa chikhakhacho. Ya Antigo ilibe chotchinga cha mtundu umenewu.

Munthu akakumba dzenje m'munda amaona chiyani?

Masentimita 20 apamwamba, kapena kupitirirako pang'ono, ndi dothi loderako lomwe pulawo amalitembenuza. Mukalitapa lili louma n'kulifikisa pakati pa zala, limamveka ngati ufa woyera. Silikanda m'zala, silimatanso. Likanyowa mukhoza kuliumba kampira, koma mukati mulitambasule kukhala kachingwe, kamaduka kasanatalike. Timibulu take ta silt ndi ta mamilimita 0.002 mpaka 0.05, tokulirapo kuposa ta dongo koma tochepa kuposa ta mchenga.

Pansi pa dothi loderali pamabwera lotumbuluka, lomwe mvula ya zaka zikwizikwi inalitsuka n'kutsitsira dongo lake m'munsi. Malire ake ndi gawo lotsatira si owongoka. Dothi lotumbulukali limalowerera m'dothi lofiirira lili malilimemalilime, ena aatali ena aafupi, ndipo akatswiri amazindikira nthakayi ndi malilime amenewa. M'gawo lofiirira ndi momwe dongo lija linakaima. Mukanyema chibuma chake, m'mbali mwake mumaoneka kakhungu konyezimira pang'ono.

Mukapitiriza kukumba, fosholo imayamba kulira. Dothi limasanduka lokhakhala, timiyala tiyamba kuchuluka, kenako mwafika pa mchenga wokhawokha wosakanikirana ndi nsangalabwi, womwe umagumukira m'dzenje mukangoukhudza. Mizu yambiri imathera pamalire amenewa.

Akamati madzi saimamo, amatanthauza chiyani kwenikweni?

Akatswiri a nthaka ku America amagawa nthaka m'magulu 7 poona nthawi yomwe imakhala yonyowa, kuyambira yotaya madzi mopitirira muyeso mpaka ya lowe lokhalokha. Ya Antigo ili m'gulu lachitatu, lomwe madzi amachoka bwino koma osati mothamanga. Mvula ikagwa, dothi lapamwamba limamwa n'kusunga gawo lake, otsalawo amatsikira mumchenga. Mizu siikhala m'madzi mpaka kuola, ndipo nyengo yozizira ikatha, chipale chofewa chitasungunuka, mlimi sadikira nthawi yaitali kuti alowetse thirakitala m'munda.

Umboni wake uli pa mtundu wa dothi. Nthaka yomwe madzi amaimamo miyezi yambiri imakhala yotuwa, ya mawangamawanga a dzimbiri. Ya Antigo ndi yofiirira bwino popanda mawanga oterowo, kusonyeza kuti mpweya umalowa chaka chonse.

Ndiye siuma msanga mvula ikadula?

Zimatengera kuya kwa dothi lapamwamba, ndipo apa ndi pomwe minda iwiri yoyandikana imasiyanirana. Sentimita imodzi ya silt loam imasungira mbewu madzi pafupifupi mamilimita 2, pomwe mchenga wokhakhala umasunga kagawo kochepa chabe ka zimenezi. Choncho munda womwe dothi lake ndi lokuya mita yathunthu uli ndi nkhokwe ya madzi yowirikiza kawiri kuposa womwe mchenga wake ukuyambira pa masentimita 50. Mvula ikadula kwa milungu ingapo mu Julayi kapena Ogasiti, chimanga cha pamalo osaya ndicho chimayamba kupota masamba.

Mvula ya kuderali imakwana pafupifupi mamilimita 800 pachaka, ndipo kunja sikutentha kwambiri, moti msipu ndi mbewu zambiri zimakula popanda mthirira. Alimi a mbatatesi ndiwo amathirira, chifukwa mbatatesi ikasowa madzi kenako n'kuwapeza ochuluka mwadzidzidzi imang'aluka kapena kupindika, ndipo pamsika imatsika mtengo.

N'chifukwa chiyani mbatatesi imachita bwino pamenepa?

Mbatatesi imafuna dothi lofewa loti ikule mosapanikizika, lachinyezi koma lopanda lowe, komanso usiku wozizira. Chidikha cha Antigo chili nazo zonsezi, kuwonjezera apo n'chosalala, choti makina okumbira amayenda mosavuta. Wisconsin nthawi zambiri imakhala yachitatu pa ulimi wa mbatatesi m'dziko la America, kutsatira Idaho ndi Washington, ndipo boma la Langlade ndilo likulu la mbatatesi ya mbewu m'chigawochi. Bungwe la alimi la Wisconsin Potato and Vegetable Growers Association lili ndi ofesi yake yaikulu mumzinda wa Antigo momwemo.

Kuti dera likhale la mbewu, nthaka payokha siikwanira. Matenda ambiri a mavairasi amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo dera lozizira, lozingidwa ndi nkhalango, lotalikirana ndi minda ikuluikulu ya mbatatesi yodya, limavutika nazo pang'ono. Ntchito yoyendera minda ndi kutsimikiza kuti mbewu ilibe matenda inayamba ku Wisconsin mu 1913, ndipo ikupitirirabe mpaka lero.

Nyengo yopanda chisanu ndi yaifupi, miyezi inayi kapena kupitirirako pang'ono. Alimi a chimanga amasankha mitundu yocha msanga, ndipo chambiri amachidula chili chachiwisi n'kuchisungira ng'ombe zamkaka.

Kodi imafuna laimu ndi feteleza?

Inde. Nthakayi inakulira pansi pa nkhalango, m'dera lomwe mvula imatsuka michere, choncho mwachibadwa ili ndi asidi ndipo chonde chake n'chapakatikati. Imabereka kwambiri ikadyetsedwa.

Pa laimu pali mkangano womwe mlimi aliyense amathetsa yekha. Msipu wa alfalfa, womwe ng'ombe zamkaka zimadalira, umafuna nthaka ya pH (muyeso womwe umatsika asidi akachuluka) pafupifupi 6.8. Koma nthenda ya nkhanambo pa khungu la mbatatesi, yomwe imayamba ndi kachilombo ka Streptomyces scabies, imakula mphamvu asidi akachepa, ndipo imafooka pH ikatsika kufika cha m'ma 5.2. Wothira laimu wambiri pofuna alfalfa akhoza kuipitsa khungu la mbatatesi ya zaka zotsatira. N'chifukwa chake pa kasinthasintha wa mbewu alimi a mbatatesi amakonda oats (mbewu yonga tirigu) ndi msipu wa red clover, zomwe zimapirira asidi kuposa alfalfa.

Zofooka zake ndi ziti pa ulimi?

Dothi la silt timibulu take sitigwirana mwamphamvu. Mvula yamkuntho ikagwa pamunda wopanda chophimba, madontho amaphwanya zibuma, pamwamba n'kuuma kakhungu kolimba komwe kamatsekereza mbewu yongomera kumene. Zitheba zimavutika nako kwambiri, chifukwa pomera zimayenera kutulutsa mutu wonse kunja.

Chachiwiri ndi kutsendereka. Makina okumbira mbatatesi ndi malole onyamula ndi olemera, ndipo akalowa m'munda monyowa amasiya chikhakha pansi pa pomwe pulawo amafika. Zikatero nthaka yomwe chilengedwe chinaipatsa njira ya madzi imayamba kusunga zithaphwi chifukwa cha dzanja la munthu.

Chachitatu, chomwe ine ndimachiona kukhala chachikulu pa zonsezi, ndi kukokoloka. Nthaka ya Antigo imapezeka pamalo osalala komanso pa zitunda zotsetsereka mpaka 30 peresenti. Pachidikha imawerengedwa m'gulu la minda yabwino koposa m'dziko. Pamtsetse nkhani ndi ina: silt amakokoloka mosavuta kuposa dothi lina lililonse, ndipo pansi pake palibe dothi lina lodikira kulowa m'malo. Pali mchenga ndi miyala basi. Sentimita iliyonse yopita ndi madzi imachepetsa nkhokwe ya chinyezi ija, ndipo fumbi lomwe linaipanga linasiya kugwa kalekale. Malo otsetsereka kwambiri ayenera kukhala a msipu kapena a mitengo. Pamtsetse wochepa, kulima mopingasa, kusiya mapesi pamwamba ndi kubzala mbewu yophimba nthaka mbatatesi ikakumbidwa ndiko kumateteza munda.

Kodi feteleza angafike m'madzi akumwa?

Angafike, ndipo funso limeneli ndi lomwe aliyense wolima kapena womanga pa nthakayi ayenera kuliyika patsogolo. Feteleza wa nayitirojeni akalowa m'nthaka amasanduka nayitireti, mchere womwe sumamatira ku dothi koma umayenda ndi madzi kulikonse komwe akupita. Mizu ya mbatatesi ndi yosazama. Mchere womwe mizu yalephera kugwira ukangodutsa dothi lapamwamba lija, mumchenga mulibenso chougwira. Umatsika mpaka kukafika pa madzi apansi, omwe ali mumchenga womwewo, momwe zitsime za m'midzi zimatunga.

Malamulo a dziko la America salola madzi akumwa a m'mipopi ya anthu onse kupitirira mamiligalamu 10 a nayitirojeni wa nayitireti pa lita imodzi. Oyamba kuvulala ndi makanda osakwana miyezi 6, chifukwa mcherewu umalepheretsa magazi awo kunyamula mpweya bwino, mwana n'kuyamba kubiriwira milomo. Madzi ake saoneka akuda, sanunkha, ndipo kuwawiritsa sikuthandiza: madzi amachepa mumphika, mchere n'kutsala wochulukirapo. Njira yodziwira ndi imodzi, kutumiza madzi a pachitsime kukayezedwa.

Anthu a ku Wisconsin, omwe pafupifupi awiri mwa atatu alionse amamwa madzi apansi, anaphunzira zimenezi movutikira. Mu 1980 mankhwala ophera tizilombo a aldicarb anapezeka m'zitsime za dera la Central Sands, kumwera kwa Antigo, komwe nthaka ndi yamchenga kuyambira pamwamba. Mu 1984 chigawochi chinakhazikitsa lamulo loteteza madzi apansi. Nthaka ya Antigo ili ndi chitetezo choposa cha ku Central Sands chifukwa cha dothi lake lapamwamba, koma chitetezocho n'chosapitirira mita imodzi.

Mlimi wosamala sathira feteleza yense nthawi imodzi. Amamugawa kangapo motsatira kukula kwa mbewu, amayezetsa timapesi ta masamba a mbatatesi kuti adziwe ngati ikufunadi wina, ndipo amathirira madzi okwanira mizu yokha. Akakolola amafesa rye, mbewu yonga tirigu, kuti atole nayitirojeni wotsala chisanu chisanagwe. Manyowa a ng'ombe nawonso amafuna muyeso womwewo. Ndimaona kuti ndalama yomwe mlimi amapulumutsa posathira feteleza wosafunika ndi phindu laling'ono poyerekeza ndi chitsime cha mnansi wake chomwe chatsala chabwino.

Nanga kumangapo nyumba, msewu kapena damu?

Nyumba imakhala bwino. Mchenga ndi miyala zimanyamula maziko mosatitimira, ndipo chipinda chapansi, chomwe nyumba zambiri za kumeneko zimakhala nacho, sichilowa madzi. Choopsa chili pokumba: khoma la ngalande yakuya mumchenga limagumuka mosachenjeza, choncho amisiri amayenera kulichirikiza kapena kulipendeketsa asanalowemo munthu.

Pa msewu vuto ndi chisanu. Silt amakoka madzi kuchokera m'munsi, madziwo akaundana amatukumula dothi n'kung'amba phula, ndipo akasungunuka pansi pamatsala pofewa. Omanga misewu amachotsa dothi lapamwamba kapena kuthirapo miyala yokwanira.

Damu la nsomba kapena dziwe la ndowe ndi zomwe nthakayi imakana. Mukangoboola dothi lapamwamba, madzi onse amathawira pansi, pokhapokha mutayala dongo lotsendera kapena pulasitiki yolimba.

Bwanji za zimbudzi za madzi m'nyumba zakumudzi?

Apa anthu ambiri amanyengeka. Amathira madzi m'dzenje loyesera, madzi n'kuzimirira nthawi yomweyo, iwo n'kusangalala kuti malowo ndi abwino. Koma ntchito ya nthaka pansi pa mapaipi otuluka m'thanki ya chimbudzi ndi kusefa, kuti tizilombo toyambitsa matenda tife madziwo asanafike pansi. Mchenga wokhakhala ndi nsangalabwi zimadutsitsa madzi zisanawasefe. Mapaipi ayenera kuyalidwa mosazama, m'dothi lofewa, pansi pake patatsala dothi lokwanira. Pomwe dothilo ndi losaya, ena amaunjika chulu cha mchenga wosankhidwa pamwamba pa nthaka n'kuyala mapaipi m'menemo, njira yomwe akatswiri a University of Wisconsin ku Madison anaikonza m'zaka za m'ma 1970. Chitsime chikhale patali, kumtunda kwa komwe madzi apansi akulowera.

Mitengo imakula bwanji pa nthakayi?

Imakula bwino kwambiri, pakuti nthakayi ndi ya nkhalango chiyambire. Mitengo yake yachilengedwe ndi sugar maple, basswood, yellow birch, white ash, red oak, hemlock ndi white pine. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 makampani a matabwa anagwetsa nkhalango zambiri za kumpoto kwa Wisconsin, ndipo alimi omwe anabwera pambuyo pawo anayamba ndi kuzula zitsa. Mbali ya nthakayi ikadali ndi mitengo mpaka pano, yopereka matabwa, zopangira mapepala ndi madzi otsekemera a mtengo wa maple. Odula mitengo amakonda kugwira ntchito nthaka itaundana, kuti makina asasiye mikwasa yakuya m'dothi lofewa.

Popeza pansi pali mchenga ndi miyala, bwanji osangokumba n'kugulitsa?

Amakumbadi, chifukwa mchenga wotsukidwa kale ndi madzi ndi wabwino pa konkire ndi pa misewu. Koma kuti muufike muyenera kuchotsa dothi lapamwamba lonse, ndipo dzenje lotsala limayandikitsa madzi apansi ku chilichonse chotayikira momwemo. Ngakhale dothilo litabwezeredwa, magawo ake aja sabwerera momwe analili. Mgodi wotere ndi bwino ukhale pa malo omwe dothi lake n'losaya kale, osati pakati pa chidikha cholimidwa.

Zinatheka bwanji kuti ikhale chizindikiro cha Wisconsin?

Mu 1983 nyumba ya malamulo ya Wisconsin inavomereza nthaka ya Antigo kukhala nthaka yoimira chigawochi. Yemwe analimbikira zimenezi kwa zaka zambiri ndi Francis Hole, mphunzitsi wa sayansi ya nthaka pa University of Wisconsin ku Madison, yemwe anabadwa mu 1913 n'kumwalira mu 2002. Bambo ameneyu ankayenda ndi vayolini yake, akuimbira ana asukulu ndi akuluakulu omwe nyimbo zonena za nthaka. Ya Antigo inali yoyenera chifukwa imanyamula ntchito zitatu zomwe chigawochi chimadziwika nazo: mkaka, mbatatesi ndi matabwa.

Kodi kwathu kuno nthaka yotere iliko?

Ayi. Madzi oundana omwe anapanga nthaka ya Antigo sanafike kuno. Katondo wa m'minda yambiri ya ku Malawi ndi Zambia anapangika pamalo pomwepo, matanthwe akale akufumbutuka ndi kutentha ndi mvula kwa nthawi yaitali kwambiri kuposa zaka 11,000. Kumwera kwa Africa kunaphimbidwapo ndi madzi oundana zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, ndipo ku Nooitgedacht, pafupi ndi Kimberley ku South Africa, matanthwe akuonekabe mikwingwirima yomwe madziwo anakanda. Koma zomwe anasiya nthawi imeneyo zinauma kale kukhala mwala. Chomwe chimafanana kuno ndi kumeneko ndicho khalidwe la madzi mumchenga: chimbudzi chokumbidwa mumchenga wa m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi chitsime chosazama, chimaipitsa madzi mwa njira yomweyo.

Wofuna kugula malo kumeneko angatsimikize bwanji kuti ndi nthaka ya Antigo?

Poyambira ndi mapu a nthaka. Nthambi ya boma ya Natural Resources Conservation Service inaika mapuwa pa intaneti mu 2005 pa tsamba la Web Soil Survey, ndipo aliyense akhoza kujambula malire a munda n'kuona mayina a nthaka zake kwaulere. Mapuwo amasonyezanso kutsetsereka kwa malo ndi zomwe nthaka iliyonse imavomera.

Komabe mapu sanapangidwe kuti aone kachigawo kakang'ono ka munda. Pachidikha chimodzimodzicho pali nthaka zachibale zomwe pamwamba zimaoneka zofanana. Ya Langlade ili ndi dothi lofewa lokuya kuposa mita imodzi. Ya Ossmer imakhala ndi madzi pafupi miyezi ina ya chaka, ndipo ya Minocqua, ya m'malo otsika, ndi ya lowe. Kumbani maenje angapo okuya mita imodzi ndi theka, pamalo okwera ndi pamalo otsika, muyeze pomwe mchenga ukuyambira ndipo muone ngati dothi lili ndi mawanga otuwa. Ngati cholinga ndi kumanga nyumba ya chimbudzi cha madzi, malamulo a Wisconsin amafuna kuti woyeza nthaka wovomerezeka ndi boma aone maenjewo chilolezo chisanaperekedwe.